Kasingano Kagalasi ndi Nkhono za ku Nthumbwe

Ana inu, pali mawu ena amene akulu amakuuzani mukamachita zinthu mwaphuma, ndipo inu mumangovomera osadziwa kumene anachokera. Mwambi sukhala ndi chiphaso chobadwira. Aliyense amaupatsa kwawo: wina adzati unabadwira kumunda, wina kumtsinje. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi, choncho nthano yanga ikutengerani m'chipinda chozizira chodzaza mawaya. Mawuwo ndiwatchula tikafika kumapeto. Pakadali pano mverani za eni nkhaniyi.

M'tauni ina ya m'mapiri munali banja la anthu awiri amene ankagwira ntchito malo amodzi. Mayi wa pabanjapo dzina lawo linali Nyembezi, koma aliyense ankawaitana ndi chiwongo chawo, Nangozo. Iwo anali katswiri wofufuza za ubongo ndi mitsempha ya tizilombo. Amuna awo, a Kamtengeni, anali injiniya wa zipangizo zamagetsi, ndipo ndi amene ankasamalira makina onse a mu labotale ya akazi awo. Ana awo anali atakula n'kuchoka pakhomo. M'mawa awiriwa ankapita limodzi kuntchito, madzulo n'kubwerera limodzi, akutsutsana za nyimbo za pa wailesi ya m'galimoto.

Kuti mumvetse ntchito ya Nangozo, ndikufotokozereni pang'ono. Ubongo wa chamoyo, wanu ngakhalenso wa nkhono, unapangidwa ndi timatumba tating'ono kwambiri totchedwa maselo. Maselowa amalankhulana ndi timagetsi tochepa zedi. Munthu wofuna kumva zimene selo likunena amatenga kasingano kagalasi kobooka pakati ngati bango, kosongoka kuposa tsitsi. Akuyang'ana pa maikulosikopu, amakatsitsa pang'onopang'ono popotokola kagudumu ndi zala, mpaka kukamwa kwa kasinganoko kutakhudza khungu la selo. Akatero amayamwa mpweya pang'ono kudzera m'kapaipi kofewa kolumikizidwa ku kasinganoko, kuti khungu la selo limatirire kukamwako, monga mmene khanda limagwirira bere. Zikamatirira bwino, timagetsi ta selolo timadutsa m'waya n'kumveka pa sipika.

Ntchitoyi siifuna dzanja lolemera. Ukapereweza, sunakhudze kanthu. Ukapitiriza, waboola selo ndipo lafa. N'chifukwa chake zonsezi zimachitikira pa tebulo lolemera losagwedezeka, mkati mwa khola la waya wa sefa lotchinga magetsi akunja. Nangozo anayamba ntchitoyi akadali mtsikana, ndipo akatswiri anzawo ankabwera kuchokera kutali kudzangoona zala zawo zikuyendetsa kagudumu.

Chaka china ku labotaleko kunafika mlendo, Mayi Fanesi Kadzakumanja, mlangizi wa zaumoyo wochokera kudera la dambo la Nthumbwe. Anafika atanyamula ndowa ya nkhono zing'onozing'ono zam'madzi, zija zimasunga tizilombo ta likodzo.

"Mayi, kwathu ana akukodza magazi," anatero Mayi Fanesi atapatsana moni ndi Nangozo. "Timawapatsa mankhwala, amachira, koma mvula ikagwa amabwereranso m'dambo kukasamba ndi kukawedza, matenda n'kuyambiranso. Kuli chitsamba china chimene asodzi amasinja masamba ake n'kuthira m'madzi. Nkhono zimafa ndithu, koma milamba ndi matemba nazo zimayandama. Ndiye anthu akuti bola likodzo kusiyana ndi kutaya ndiwo."

"Mukufuna tipeze mlingo woti nkhono ife koma nsomba itsale," anatero Nangozo.

"Ngati mlingowo ulipo, mayi."

"Poyamba tiyenera kumva ubongo wa nkhonoyi ukulankhula. Kenako tizidontheza madzi a masambawo pang'onopang'ono mpaka utakhala chete. Tikadziwa pamene ukhalira chete, tidzayesa mlingo womwewo pa nsomba. Siyani ndowayo, tiyamba."

Ubongo wa nkhono zimenezo ndi wochepa kuposa njere ya mawere. M'kati mwake munali maselo awiri aakulu, ozungulira, oyandikana, ofiirira pang'ono. Ukawayang'ana pa maikulosikopu ankaoneka ngati nawonso akukuyang'ana. Anthu a mu labotalemo anawapatsa dzina loti maso a nkhono, ngakhale sanali maso enieni. Ankati tsiku limene limodzi la maselowo lidzamveke pa sipika, ndiye kuti nkhono yatsegula maso ndipo iwo awaona.

Koma panali chinthu chimene Nangozo sanamuuze mlendo uja. Manja awo anali atayamba kunjenjemera. Sikunali kunjenjemera kwakukulu. Ankatha kuchapa, kuphika ndi kuyendetsa galimoto. Madokotala anati si matenda oopsa. Koma akangogwira kagudumu kaja, zala zinkayamba kuvina, ndipo akalimbikira kuziletsa zinkavina kwambiri. Pansi pa maikulosikopu, kanjenjemero kakang'onoko kankaoneka ngati chivomezi.

Anayesa nkhono yoyamba, kasingano kanaboola selo. Anayesa ina, kasingano kanathyoka. Sabata inatha, ina n'kuyamba, sipika ili zii.

A Kamtengeni ankaona zonsezi. M'mawa wina, akumwa tiyi kunyumba, anamva kapu ya akazi awo ikulira pa sosala, gwede gwede gwede. Nangozo anaiika pansi msangamsanga n'kubisa manja pansi pa tebulo. Mtima wa a Kamtengeni unawawa. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudzitsekera m'chipinda chawo chokonzera zipangizo, akutuluka ndi fungo la waya wowotcherera.

Patapita nthawi anawaitana akazi awo. Pa tebulo lolemera lija anali atamangapo timamota tating'ono togwira kasingano, kapampu koyamwa mpweya, ndi mawaya opita ku kompyuta.

"Nangozo, taonani," anatero mosangalala. "Simufunikanso kugwira kagudumu. Mungodina batani ili. Makina atsitsa okha kasingano, apeza okha selo, ayamwa okha. Inu mungokhala pampando n'kumamvera."

Nangozo anayang'ana makinawo nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye ineyo ntchito yanga ndi kudina batani?"

"Ndimafuna kukuthandizani."

"Mwandithandiza kudziwa kuti ndatha ntchito. Mukanandifunsa kaye, bambo. Zaka zonsezi ndakhala pampandowu, lero mwaika mota pamalo panga osandiuza n'komwe."

"Koma manja anu..."

"Manja anga ndimawadziwa ndekha."

Anatuluka. Kuyambira pamenepo sanalowenso m'chipinda cha maikulosikopu. Ankakhala kuchipinda cha matanki, kudyetsa nkhono masamba a ndiwo ndi kuzisinthira madzi. M'galimoto, wailesi inkangolira yokha popanda woitsutsa.

A Kamtengeni nawo anakwiya chamumtima. Anati, chabwino, makinawa aonetsa okha. Anayamba ndi kuwayesa pa maselo ofewa olimidwa m'mbale, aja ogonera poyera opanda chowaphimba. Pamenepo makina anachita zodabwitsa. Kasingano kankatsika mowongoka osagwedezeka n'komwe, kapampu n'kuyamwa, selo n'kugwidwa, lina n'kugwidwanso. Sankatopa, sankachita dzanzi, sankafuna tiyi. A Kamtengeni anayamba kuyenda monyadira m'khonde, akuimba mluzu.

Atawapatsa ubongo wa nkhono, nkhani inasintha. Makinawo analibe maso. Ankadziwa kuti akhudza chinthu poyeza mmene magetsi akudutsira kukamwa kwa kasingano. Koma maselo a nkhono amakhala atakutidwa ndi kansalu kopyapyala, ndipo makina ankati akakhudza kansaluko n'kuganiza kuti afika, n'kuyamba kuyamwa pachabe. Nthawi zina selo linkaterereka n'kupatuka, makina n'kupitirira mpaka kasingano kuthyokera pansi pa mbale. Ndipo nthawi zina, zonse zitayenda bwino, makina ankadikira kanthawi kochepa kamene a Kamtengeni anawalamula. Akaona kuti khungu silinamatirire, ankazula kasingano n'kung'amba selo.

A Kamtengeni anasintha malamulo a mu kompyuta. Anawonjezera mphamvu ya pampu, maselo anaphulika. Anaichepetsa, sanagwire kanthu. Kulephera kulikonse kunkadya nkhono imodzi. Nangozo, amene ankapereka nkhonozo kuchokera m'matanki, ankaona zikuchepa koma sanafunse. Mluzu uja unatha m'khonde.

Dzuwa la Okutobala litafika pachimake, Mayi Fanesi anabweranso. Ulendo uno ndowa inali yopepuka. Anawapeza awiriwo, wina kuchipinda ichi, wina kuchipinda icho, ndipo anawaitanira pamodzi pakhonde.

"Dambo lauma," anatero. "Nkhono zalowa pansi pa matope, sizituluka mpaka mvula. Izi ndazitola pa kachithaphwi komaliza. Kodi mwamvapo kanthu?"

A Kamtengeni anayang'ana nsapato zawo. Nangozo anayang'ana kumapiri.

Mayi Fanesi anamvetsa. Sanadandaule, anangokonza chitenje chawo n'kunena kuti, "Ndinawauza makolo kuti mvula ikubwerayi mwina tikhala ndi chowauza. Pali mtsikana wina wa sitandade seveni, wanzeru kwambiri, amene wasiya sukulu chifukwa anzake amamuseka akapita kuchimbudzi. Dzulo anandithandiza kutola nkhonozi. Anandifunsa ngati anthu a kutauni akwanitsadi. Ndinamuuza kuti ndikafunsa."

Mlendoyo atapita, awiriwo anatsala ataima pafupi ndi ndowa. Munali nkhono zowerengeka, zikukwawa pang'onopang'ono m'mbali mwake.

Woyamba kulankhula anali a Kamtengeni. "Nangozo, makina anga saona. Dzanja ali nalo, lokhazikika kuposa la munthu aliyense. Koma sadziwa chimene akugwira."

Nangozo anatambasula manja awo n'kuwayang'ana akunjenjemera. Kanali koyamba kuwaonetsa poyera pamaso pa amuna awo. "Ine ndimaona," anatero. "Ndimadziwa pamene selo lavomera ndi pamene likukana. Koma awa sandimveranso." Kenako anafunsa, "Kodi makina anuwo angathe kuima munthu akawauza kuti ima?"

"Angathe."

"Angathe kuyenda kaphazi kamodzi kokha, n'kudikira?"

"Kaphazi kochepa kuposa kamene chala chingapotokole."

"Nanga pampuyo mungaichotse n'kundibwezera kapaipi kanga? Manja ndi amene akunjenjemera. Mpweya wanga ukadali bwino."

A Kamtengeni anatsegula pakamwa kuti ateteze pampu yawo, imene anaivutikira kwambiri. Koma anatsekanso, n'kupita kukatenga sikuludiraiva.

M'mawa mwake analowa limodzi m'chipinda chozizira chija. A Kamtengeni anakonza ubongo wa nkhono m'mbale, akutsatira zimene akazi awo ankawauza, pakuti ntchito imeneyonso inkafuna zala zokhazikika. Nangozo anakhala pampando wawo wakale, maso pa maikulosikopu, kapaipi kofewa kali pakamwa, manja atawapinda pamiyendo. A Kamtengeni anakhala pa kompyuta.

"Ulendo wautali makina ayende okha," anatero Nangozo. "Pamenepo andiposa."

Batani linadinidwa. Kasingano kanatsika m'madzi a m'mbale mowongoka, mwachangu, osagwedezeka. Mtunda umene kale unkawatopetsa Nangozo khosi ndi mapewa, makina anaudutsa mosavuta. Mayiwo anang'ung'udza, "Hmm, ayi ndithu, amayenda bwino." Amuna awo anamva koma anadziletsa kumwetulira.

Maselo awiri ofiirira aja anaonekera, akuyang'ana m'mwamba.

"Imani."

Kasingano kanaima.

"Tsopano kaphazi kamodzikamodzi. Tsikani. Tsikaninso."

Kompyuta inalira, pii, kusonyeza kuti yakhudza selo. Dzanja la a Kamtengeni linapita pa batani.

"Ayi, akunama," anatero Nangozo. "Ndi kansalu kaja. Pitani kumanzere pang'ono, pali pong'ambika. Basi. Tsikani."

Anapemerera mpweya pang'ono m'kapaipi, ndipo kamtsinje kakang'ono kotuluka kukamwa kwa kasingano kanakankha zinyalala pa khungu la selo. Kasingano kanatsikanso kaphazi kena. Pakhungu la selolo panaoneka kadzenje kakang'ono, konga kaja kamaoneka patsaya la mwana akamaseka.

"Pomwepo. Musasunthenso."

Makina anagwira kasinganoko chilili, ngati kakhomeredwa pamwala. Nangozo anasiya kupemerera n'kuyamba kuyamwa, pang'ono kwambiri, monga munthu wolawa tiyi wotentha. Pa sikirini ya kompyuta panali mzere wosonyeza mmene khungu likumatirira. Mzerewo unasuntha pang'ono, kenako unaima.

Anadikira. Mzere uli pomwepo.

Kompyuta inayamba kulira mobwerezabwereza, ndipo pa sikirini panayaka mawu ofiira onena kuti zalephereka, kasingano kazulidwe. Nthawi imene makina anaphunzitsidwa kudikira inali itatha. A Kamtengeni anatuluka thukuta ngakhale chipinda chinali chozizira.

"Nangozo, akuti tizule. Tikachedwa selo lifa, ndipo linzakelo lifanso tisanaliyese. Nkhono zatsala zochepa."

Nangozo sakanatha kuyankha chifukwa anali akuyamwa mpweya m'kapaipi. Anangokweza dzanja limodzi, likunjenjemera choncho, kuwauza kuti dikirani. Maso awo sanachoke pa maikulosikopu. Iwo ankaona chimene mzere sunkaonetsa: selolo linali lidakali losalala, lonenepa bwino, losakwinyika. Silinali kufa. Linkangochedwa, monga mwini wake nkhono.

A Kamtengeni anayang'ana mawu ofiirawo, anayang'ana dzanja la akazi awo. Makinawo anawapanga okha, ndipo ankawakhulupirira. Koma anatambasula chala n'kuzimitsa kulirako, n'kuika manja awo onse awiri pamawondo.

M'chipindamo munangoti zii. Kunja njiwa inkalira pa denga. Nangozo anapumira m'mphuno, analeka kuyamwa kanthawi, kenako anayambanso mofatsa. Mzere uja unagwedezeka. Unatsika pang'ono. Unaimanso. Kenako unayamba kutsetsereka wokha, pang'onopang'ono, mpaka unagona chogonera, wowongoka ngati ulusi.

"Lagwira," ananong'ona a Kamtengeni.

Nangozo anakoka mpweya kamodzi, mwachidule, ngati kupsompsona, kuti atsegule kakhomo pakhungu la selolo. Ndipo sipika imene inakhala chete miyezi yonseyo inayamba kulankhula. Tha. Tha. Tha tha. Tha. Phokoso lake linali ngati madontho oyamba a mvula pa malata.

Nangozo anachotsa kapaipi pakamwa. Milomo yawo inali itauma. "Yatsegula maso," anatero.

Sanaimirire kuti avine, pakuti ntchito inali itangoyamba. Apa tsopano makina anaonetsa ubwino wawo. Anagwira kasinganoko osasuntha mpaka dzuwa linapendeka, chinthu chimene dzanja la munthu silikanatha. Ankadontheza madzi a masamba aja m'milingo yoyezedwa bwino, kuyambira wochepetsetsa, ndi kusunga chilichonse chimene selo linanena. Nangozo anangokhala tsonga kumvetsera. Kugunda kuja kunayamba kutalikirana, kutalikirana, mpaka pa mlingo wina kunaleka. Mlingowo unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene asodzi ankathira m'madzi.

Nkhono zotsalazo anazigwira mwa njira yomweyo. Zina zinakana, pakuti si tsiku lililonse limene nkhono imavomera, koma zambiri zinalankhula ndipo zinanena zofanana. Panatsalabe ntchito yaitali yoyesa mlingowo pa nsomba za m'matanki, ndi kufunsa akatswiri ena ngati madziwo sangavulaze anthu ndi ziweto. Koma khomo linali litatseguka, ndipo Mayi Fanesi anali ndi chokawauza makolo a ku Nthumbwe.

Atabwera kudzamva nkhaniyo, anawapempha kuti amve okha mawu a nkhono. Anaima pafupi ndi sipika, manja ali pachifuwa, akumvetsera kugundako. Kenako anafunsa, "Kodi chinasintha n'chiyani? Makina ndi omwewa, anthu ndi omwewa."

A Kamtengeni anayankha kuti, "Ine ndinawaphunzitsa makinawa kuyenda, kugwira ndi kuyamwa. Sindinawaphunzitse kudikira, chifukwa inenso sindinkadziwa."

"Inenso ndinathamanga," anatero Nangozo. "Ndinawakana makinawa ndisanawayese n'komwe."

Mayi Fanesi anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwo anapita nawo ku Nthumbwe, anakawanena pamsonkhano wa makolo, ndipo kuchokera kumeneko anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka anafika kwa inu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Pali zinthu zina zimene sizibwera chifukwa wazikoka mwamphamvu kapena waziitana mokweza. Zimabwera pa nthawi yake, kwa munthu amene wakhazika mtima pansi n'kupitiriza kuyang'anitsitsa. Koma musaganize kuti kudekha ndi ulesi, kapena kuchita chilichonse mochedwa. Pamene panafunika liwiro, Nangozo anawasiya makina athamange. Pamene panafunika maso, a Kamtengeni anachotsa chala pa batani. Wodekha ndi amene amadziwa gawo limene chipangizo chimamuposa n'kuchisiyira, ndi gawo limene iye yekha angaone n'kukhalapo mpaka mapeto.

Inu mukukula m'nthawi ya makina ochenjera, ndipo adzakuchitirani zambiri zimene manja anu sangathe. Muwalandire, musawaope. Koma tsiku lina adzakuuzani ndi mawu ofiira kuti zalephereka, siyani. Tsiku limenelo musathamangire kudina batani. Yambani mwayang'ana ndi maso anuanu ngati chinthucho chafadi, kapena chikungobwera pang'onopang'ono.